Kukaona Nsomba ndi Ana: Gombe Liti Tikagulitsa Fodya?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike)

WOULUTSA:  Moni kwa inu amene mwakhala pachigafa kusankha fodya wailesi ili pambali, ndi inu amene mukudikira kuti mabelo anu alowe kumsika wa ku Chinkhoma. Lero tisiye kaye za mitengo ya fodya. Tikambirane za ulendo wa banja wopita kunyanja. Ngati mukufuna kuti ana anu akaone nsomba zamoyo zikusambira kwawo m'madzi, mupite gombe liti, ndipo mwezi uti?

Pali chinthu chimene alendo a ku Ulaya ndi ku America amalipira ndege kuti adzachite m'dziko muno, pamene ambirife eni dziko sitinachiyeseko. Munthu amavala magalasi otseka maso ndi mphuno, n'kuluma kapaipi kopumira kamene nsonga yake imatulukira pamwamba pa madzi. Akatero amagona chafufumimba pamadzi, nkhope ili m'madzimo, n'kumapumira pakamwa uku akuyang'ana pansi. Sipafunika botolo la mpweya lija amabereka akatswiri omira pansi. Mumangolowa ndi miyendo kuchokera pagombe, madzi akafika m'chiuno n'kugona. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angathe. Agogo ake nawonso angathe, bola wina awagwire dzanja.

Mukafufuza pa intaneti za malo otchuka ochitira zimenezi, adzakutchulirani Zanzibar, Mauritius, kapena zilumba za Bazaruto ku Mozambique. Ndi kokongoladi. Koma kumeneko aliyense m'banjamo ayenera kukhala ndi pasipoti, ndipo kumafuna madola. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene dola likuvutira. Nyanja yamchere ilinso ndi zovuta zake: madzi amaphwa n'kudzazanso tsiku ndi tsiku, pena amakokera munthu pakati, ndipo pansi pamakhala tizilombo tobaya kumapazi. Yathuyi ilibe shaki, madzi ake sawawa m'maso, ndipo pamwamba pake amafunda pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse. Komanso palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati Nyanja ya Malawi. Ya m'banja la chambo ndi mbuna yokha imaposa 700, akatswiri ena amati ingafike 1,000, ndipo pafupifupi yonseyi sipezeka kwina kulikonse.

Kuchoka paboma pano pa Kasungu kukaponda madzi ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 130 basi. Zimandiwawa kuti mwana wa kuno usipa ndi utaka amazidziwa zili zouma pamsika, nyanja amaidziwa pamapu a m'buku la kusukulu, pamene mwana wa ku Germany akukula akuyang'ana mbuna zathu m'bokosi lagalasi pabalaza pa kwawo. Ku Kambiri Point ku Senga Bay kuli malo amene anayambitsa malemu Stuart Grant, otumiza nsomba zamoyozi kunja pa ndege. Anthu akunjawo amazigula ndi ndalama zambiri imodzi imodzi.

Tsono pamene ambiri timaphonya ndi apa. Tikamasankha kopita timayang'ana mchenga. Tikaona chithunzi cha gombe lalitali loyera, mipando ili pamthunzi, timati ndi pomwepa. Mchenga ndi wabwino pochezera ndi kumenyerapo mpira, koma mukavala magalasi pamchenga mudzaona mchenga womwewo, tinsomba totuwa tiwiri titatu, ndi fumbi la m'madzi limene mapazi a anzanu avundula. Ana adzatopa mphindi khumi zisanathe. Nsomba zamitundu yowala, mbuna zija, zili pamiyala. Mukamafunsa za malo ogona pafoni, funsani kuti, kodi kuchokera pagombe panupo miyala ya m'madzi ili patali bwanji, ndipo mwana angafikepo osakwera bwato?

Chifukwa chake n'chakuti mbuna zimadya ndere zomera pamiyala. Dzuwa likamalowa m'madzi oyera, miyala imamera ndere zofewa, m'nderemo n'kumakhala tizilombo ting'onoting'ono. Ndiwo munda wa mbuna umenewo. Mukagona phee pamwamba pa thanthwe, mudzaziona zikupala mwalawo ndi mano, zina zitaimirira chamutu pansi, zina zitapendekeka, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi pakamwa pakepake. Wina milomo yake inayang'ana pansi, wina uli ndi mano onga chipeso opesera nderezo, wina uli ndi kakamwa kosongoka kotolera tizilombo m'ming'alu. Zambiri n'zazifupi, sizipitirira kutalika kwa chikhatho. Zilipo zobiriwira ngati thambo zokhala ndi mizere yakuda, zilipo zachikasu, zilipo zamawangamawanga. Yamphongo imasankha mwala wake n'kumaulondera tsiku lonse. Ina ikayandikira imaithamangitsa pang'ono n'kubwerera pamalo pomwepo. Mukamuonetsa mwana yamphongo imodzi yotere n'kumuuza kuti aiyang'anitsitse, simudzavutika kumusunga pamalo amodzi.

Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Zobadwira pamulu wina wa miyala zimafera pomwepo, ana ake chimodzimodzi. N'chifukwa chake pakupita kwa zaka zikwizikwi chilumba chilichonse ndi ndomo iliyonse yamiyala inakhala ndi mitundu yakeyake. Zimene mungaone ku Nkhata Bay zimasiyana ndi za ku Cape Maclear, ndipo za ku Likoma zimasiyananso.

Chimene ndimafunitsitsa kuti mwana aliyense wa kuno aone ndi kaleredwe ka nsombazi. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga mkamwa. Yamphongo ili ndi timadontho tachikasu pachipsepse chakumunsi chakumchira, tooneka ngati mazira. Yaikazi ija ikamatsatira timadonthoti, mbewu ya yamphongo imalowa mkamwa muja n'kukumana ndi mazira. Kuyambira pamenepo mayiyo amakhala pafupifupi milungu itatu osadya kwenikweni, mazira n'kuswa mkamwa momwemo. Mungamuzindikire: kukhosi kwake kumatupa, amabisala pamng'alu, ndipo sapala nawo ndere. Mitundu ina yokulirapo imapitiriza kulera ana atatuluka kale. Mudzaona kagulu ka tiana takuda tikuyandama pamwamba pa mwala, mayi ali pambali. Mukangosuntha dzanja, mayiyo amatsegula pakamwa, tiana tonse n'kuthamangira mkati, mwala n'kutsala mbee. Chambo chimene timadya chija chimaleranso chomwecho.

(Nyimbo pang'ono)

Tabweranso, omvera. Tsopano za mwezi, chifukwa pamenepa mlimi wa fodya ali ndi vuto limene mlendo wa ku London alibe.

Madzi a m'nyanja sayera chaka chonse. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mitsinje imathira matope, ndipo pafupi ndi pamene mtsinje ukulowera simungaone ngakhale dzanja lanu. Ndi nthawi yomweyo imene ife tili pakalikiliki kumunda, tsono palibe chotayika. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama n'kuyamba kulowa Meyi, Juni, Julayi. Koma miyezi imeneyi ndi ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imautsa mafunde aakulu, ndipo asodzi enieniwo amaiopa. Mwera umayamba kufooka mu Ogasiti. Seputembala, Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala nyanja imagona, madzi amayera kwambiri. Koma apo n'kuti sukulu zitatsegulidwa mu Seputembala, ndipo ife tafesa nazale yofuna kuthirira m'mawa ndi madzulo.

Mpata weniweni ndiye ndi wochepa: kumapeto kwa Ogasiti ndi masiku oyambirira a Seputembala, ana asanabwerere kusukulu, nazale isanatigwire. Mpata wina ndi wa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, pamene madzi amakhala abwino zedi. Koma tsikuli theka la Lilongwe limakhamukira ku Salima. Mitengo ya malo ogona imakwera, magombe amadzaza, mowa umachuluka, ndipo ndi masiku otere amene timamva za anthu omira. Ngati mwasankha Okutobala, pitani kumene kulibe chinamtindi cha anthu, ndipo siyani munthu wodalirika panazale. Mwezi uliwonse umene mungapite, lowani m'madzi m'mawa, cha m'ma 7 mpaka 10 koloko. Mphepo imakonda kudzuka dzuwa likakwera.

Za ndalama ndinenepo mawu awiri okha. Ulendowu ubwere matenanti ndi aganyu atalandira zawo zonse, ya feteleza ndi ya fizi itapatulidwa. Zikatero, ndalama imene abambo ena amaimaliza m'masiku atatu pamalo omwera, msika ukatentha, ingakwanire kutengera banja lonse kunyanja n'kubwerako. Amayi amene anaweramira fodyayo kuyambira kunazale mpaka kujeke ayenera kukhala oyamba kukwera galimotoyo.

Tiyeni tsopano tiyende m'magombemo.

Kufupi kwathu ndi ku Nkhotakota, pa msewu wa M18 wodzera ku Malomo n'kudutsa m'nkhalango yosungira nyama, imene kuyambira 2015 akuyang'anira ndi a African Parks. M'nkhalangomo musatsike m'galimoto, muli njovu. Nkhotakota ndi tauni ya mbiri: kuli mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, ndipo ana a sukulu angaphunzire zambiri. Koma kunena zoona, pa nkhani yoona nsomba Nkhotakota si malo ake. Gombe lake ndi lamchenga ndi bango, layang'ana kum'mawa kumene mwera umamenya, ndipo kufupi kuli dambo la Chia ndi mathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu. Pitaniko kukadya chambo ndi kukaona nyanja. Magalasi asungeni m'chikwama.

Senga Bay ku Salima ndi kosavuta kufikako, kudzera ku Lilongwe ndi msewu wa M14. Malo ogona aliko a mitengo yosiyanasiyana. Nako n'kwamchenga kwambiri, miyala ili cha kumapeto kwa gombe, ndipo madzi sayera ngati kwina. Nsomba zabwino zili pa chilumba cha Namalenje ndi pa zilumba za Maleri, koma uko n'kwa boti.

Ku Chintheche ndi ku Kande, mukatsata M5 kupitirira Dwangwa, kuli mchenga woyera umene sindinauone kwina, ndipo apo ndi apo pali milu ya miyala yotulukira m'madzi osaya. Kwa banja la ana aang'ono malo otere ndi abwino: wamng'ono asewere pamchenga, wamkulu ayang'ane nsomba pamiyala, mayi akuwaona onse awiri. Chilumba cha Kande chimaoneka ngati chili pafupi. Musalole mnyamata aliyense kuyesa kusambira kukafikako kuti adzionetse. Fufuzaninso za mmene msewu wa M5 uliri musananyamuke, chifukwa milatho ya m'mbali mwa nyanja imavutika ndi madzi osefukira.

Malo awiri amene ine ndingaike patsogolo ndi Nkhata Bay ndi Cape Maclear, ndipo kusankha pakati pa awiriwa kumadalira mwezi ndi msinkhu wa ana.

Ku Nkhata Bay mungadzere M5 yomweyo, kapena M1 mpaka ku Mzuzu n'kutsetsereka makilomita osakwana 50. Kumeneko mapiri amatsikira m'madzi momwemo. Malo ambiri ogona anamangidwa pamiyala, moti mukangotsika masitepe mwafika pa mbuna, osalipira bwato. Madzi ake ndi oyera, ndipo popeza ndi amiyala ndi akuya, nkhono zofalitsa likodzo sizichuluka ngati m'malo abango. Koma kuya komweko ndiye choopsa chake. Mukayenda mapazi ochepa pansi pamathawa. Nyanjayi kumpoto imafika mamita 700 kuya kwake, ndipo magombe akumeneko amatsetsereka msanga. Nkhata Bay ndi ya ana okulirapo odziwa kusambira, mu Seputembala kapena Okutobala nyanja itagona. Ang'onoang'ono apititseni ku gombe la Chikale, kumene kuli mchenga pakati ndi miyala m'mbali.

Cape Maclear ndi kutali. Kuchoka kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kusintha galimoto kangapo: Lilongwe, Salima kapena Golomoti, msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay, kenaka makilomita 18 okhotakhota m'mapiri kukafika m'mudzi wa Chembe. Komabe kwa banja lopita mu Ogasiti, kumeneku ndiye kwabwino, chifukwa gombelo layang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo mapiri ali kumbuyo kwake amatchinga mwera. Pamene ku Salima mafunde akuswa, ku Chembe madzi amatha kukhala bata. Derali lili mu Lake Malawi National Park, imene boma linakhazikitsa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. M'madzi oyandikana ndi malo otetezedwawa, mamita 100 kuchokera pagombe, saloleza kuwedza. Zotsatira zake mudzaziona nokha ku Otter Point, kumene mungafike wapansi kudzera pachipata cha paki: nsomba n'zochuluka ndipo sizithawa munthu. Amalawi timalipira ndalama yochepa pachipata kuyerekeza ndi alendo akunja, tsono tengani chiphaso chanu cha unzika. Chilumba cha Thumbi chili pafupi, ulendo waufupi pa boti, ndipo oyendetsa maboti amaponyera nkhwazi nsomba kuti ana aione ikutsika. Muwapemphe kuti asamwaze buledi m'madzi pofuna kukusonkhanitsirani mbuna. Si chakudya chake, ndipo nsomba zikaunjikana pa buledi simuonanso khalidwe lake lenileni.

Kumeneko kulinso manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha. Udzudzu wake ulipobe. Ife kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, nyanja ili pansi pa mamita 500, n'kotentha ndipo udzudzu ndi wambiri. Tengani masikito anuanu, musadalire a pamalo ogona.

Likoma ndingoitchula kwa amene ali ndi nthawi. Madzi ake ndi oyera kwambiri, magombe ake ang'onoang'ono ali ndi mchenga ndi miyala pamodzi, ndipo kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene chinayamba kumangidwa mu 1903. Koma sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imadutsa kamodzi pa mlungu kupita ndi kamodzi kubwerera. Mlimi wosiya nazale sangakwanitse kudikira chotero.

(Nyimbo pang'ono)

Pali nkhani imene ikutikhudza ife a Kasungu kuposa anthu a kunyanja amene, ndipo sindingaidumphe. Madzi a mvula yogwa m'minda yathu amathera m'nyanja momwemo. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'malire a boma lathu, n'kukathira kumpoto kwa Nkhotakota. Dwangwa amayambira m'nkhalango ya Kasungu National Park. Mtengo uliwonse umene tadula kuti tiwotchere fodya m'balani kapena timangire chigafa, munda uliwonse umene talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi lake limatsika ndi madzi. Likafika kunyanja limakwirira ndere pamiyala, ndipo limatchinga dzuwa kuti ndere zina zisamere. Mpasa, nsomba yaikulu ija imakwera Bua kukaswana, imafuna timiyala toyera tapansi pa mtsinje poikira mazira, ndipo matope amatikwirira. Ku nyanja ya Victoria akatswiri anapeza kuti madzi akada, nsomba zazikazi za m'banja lomweli zimalephera kuzindikira maonekedwe a zamphongo za mtundu wawo, mitundu n'kuyamba kusakanikirana ndi kutha. Sindikunena izi kuti ndiloze chala mlimi. Fodya ndiye akutilipirira fizi. Koma bambo amene wagonapo pamadzi n'kuona mbuna zikudya pamwala woyera, akabwerera kuno mitengo ya m'mbali mwa mtsinje amaiona mwina, ndipo akamva za kubzala mitengo yake yopangira chigafa samayesanso kuti ndi zonena za alangizi chabe.

Tsopano zida. Zipsepse zovala kumapazi zija sizofunika kwa oyamba kumene. Chofunika ndi magalasi okwana bwino. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani magalasiwo pankhope ya mwana osakoleka lamba, auzeni akoke mpweya pang'ono ndi mphuno, inu n'kuchotsa dzanja. Akamatirira, ndiye kuti akwana. Akagwa, alowetsa madzi. Tsitsi lisapanike m'mphepete mwake. Kuti asachite nthunzi, pakani malovu mkati mwa galasilo n'kutsukuluza pang'ono. Kunyanja amabwereketsa, koma kapaipi kobwereka katsukeni ndi sopo musanakaike mkamwa mwa mwana. Ngati mwagula anuanu ku Lilongwe, yambirani kunyumba konkuno. Tungani madzi m'beseni lalikulu lochapira, mwana agwade, aviike nkhope n'kumapumira kapaipiko, inu mukuwerenga mpaka makumi awiri. Thiranimo madzi pang'ono m'kapaipimo kuti aphunzire kuwauzira kunja mwamphamvu. Mwana amene wazolowera pabeseni sachita mantha akafika panyanja.

Amayi ndi atsikana, chitenje musalowe nacho m'madzi. Chikanyowa chimalemera n'kukulunga miyendo. Valani kabudula wautali kapena buluku lothina ndi malaya, palibe amene angakudabweni. Ana onse avale malaya m'madzimo, chifukwa msana umakhala padzuwa nthawi yonse ndipo umapsa munthu osamva. Mwana wachialubino avale malaya a manja aatali, apake mafuta oteteza kudzuwa, ndipo alowe m'mamawa mokha.

Kusambira kwa padamu kapena padambo kumene anyamata athu amadziwa si kusambira kwa panyanja. Madzi opanda mchere sayandamitsa munthu ngati a nyanja yamchere, tsono aliyense wosadziwa bwino kusambira, wamkulu kapena mwana, avale jekete yoyandamitsa. Chubu cha galimoto musachikhulupirire: kamphepo kochokera kumtunda kamachikankhira pakati mwana ali pomwepo, ndipo simungachipeze posambira. Munthu wamkulu mmodzi akhale pagombe wosalowa m'madzi, wosagwira foni, wosamwa mowa, ntchito yake kuwerenga mitu. Mwana womira safuula, amangoti zii. Anyamata asapikisane kugwira mpweya pansi pa madzi, chifukwa munthu amakomoka osazindikira. Mukamakwera boti, werengani majekete musanalipire, ndipo likadzaza kwambiri tsikani. Musalowe m'madzi kukamada kapena usiku, musayandikire bango kapena pamene mtsinje ukuthira, ndipo mukafika pamalo funsani asodzi a pomwepo ngati ng'ona yaoneka posachedwa. Funsaninso za gombe lenilenilo musanatumize ndalama, pakuti mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi nyumba zogona alendo m'malo ambiri. Madzi akumwa gulani a m'botolo kapena thirani mankhwala. Kolera wa 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja.

Chotsala ndi likodzo, ndipo pano ndilankhula mosabisa, chifukwa ena ofuna makasitomala angakuuzeni kuti pagombe pawo palibe. Matendawa tikuwadziwa ndi kuno komwe, m'madambo mwathu alimo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono. Pakapita milungu ingapo timatuluka mu nkhonomo tambirimbiri, tosaoneka ndi maso, n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Ku Chembe vutoli linakula m'zaka za m'ma 1990. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ndi anzake, amene anafufuza kumeneko kwa zaka zambiri, anapeza kuti nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso pafupi ndi gombe, nkhono n'kuchulukana ngakhale pamchenga poyera. Tsono ku Cape Maclear pewani kusambira kutsogolo kwa mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba. Pitani kumiyala ya ku Otter Point kapena kuchilumba. Tinyongolotsiti timatuluka kwambiri masana dzuwa lili pamutu, chomwe ndi chifukwa china cholowera m'madzi m'mawa. Mukatuluka dzipukuteni mwamphamvu ndi thaulo, ndipo ana akakodze kuchimbudzi asanalowe m'madzi.

Zonsezi zimachepetsa chiopsezo koma sizichichotsa. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Ambiri amalakwitsa pomwa tsiku lomwe abwera kunyanja. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, ndipo tating'ono tongolowa kumene satigwira bwino. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu, kenaka banja lonse lipite kuchipatala, mukanene kuti munasambira m'nyanja, akuyezeni ndi kukupatsani mlingo wolingana ndi thupi la aliyense. Imwani mutadya. Musadikire kuona magazi m'mkodzo, chifukwa ambiri saona chizindikiro chilichonse pamene matendawa akuwononga chikhodzodzo. Ngati munapita kumapeto kwa Ogasiti, nthawi yopita kuchipatala ikugwa mu Novembala, pamene mukukonzekera kuwokera fodya, ndipo n'kosavuta kuiwala. Lembani tsikulo pakalendala musananyamuke. Koma mwana akatentha thupi patangopita masiku ochepa chibwerereni, musadikire Novembala, thamangirani naye kukayezetsa malungo tsiku lomwelo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(Nyimbo yotsekera)